Nkhope ya pa Chiliza cha Bambo

Maganga, Salima
9 Malichi 2025

Pemphero mlongo wanga,

Moni wa kuno kunyanja. Kaya uli bwanji ku Joniko? Ife tili bwino, kupatula mayi amene mawondo akuwavutabe. Ndalemba papepala n'kujambula ndi foni monga mwa nthawi zonse, poti mayi amafuna ndiwawerengere zonse ndisanatumize. Akuti mawu olankhula pafoni sasungika.

Nkhani ndi ya chiliza cha bambo. Mu Julaye chaka chikwana chiwaikireni ku Chitala. Sabata yatha ndinapitako kukaonana ndi bambo aang'ono a Martin, chifukwa manda ndi akwawo. Bambo kuno anali mkamwini, ndiye ife ana awo sitingangotulukira kumeneko ndi simenti pamutu. Avomera kuti timange mu Okutobala, mvula isanayambe.

Mayi akufuna mwala wakuda wokhala ndi nkhope, ngati umene anauona pamanda a mkazi wa abusa. Ku Lilongwe alipo amene amalemba nkhope pamwala ndi makina, ukangowapatsa chithunzi. Vuto ndi chithunzicho. Cha ukwati chija chinavunda pamene nyanja inalowa m'nyumba chaka chatha. Foni yawo ukudziwa kuti inagwera m'madzi kufupi ndi chilumba cha Mbenji, pano ikugwiritsidwa ntchito ndi utaka. Chatsala ndi chitupa cha unzika, koma chinkakhala m'thumba limodzi ndi mbedza, moti nkhope yake ili ngati munthu woima mu nkhungu. Ndafunsa kutchalitchi, ndafunsa anzawo amene ankakoka nawo ukonde wa chilimira, palibe ali nacho. Munthu kukhala zaka zonsezi akuthawa kamera ngati ili ndi mlandu naye.

Ndiye mayi akuti, "Si mwana wanga amajambula pa kompyuta? Awajambule bambo ake." Ine ndinawauza kuti Pemphero amene ndikumudziwa ine anajambula nkhuku kusukulu, aphunzitsi n'kufunsa ngati ndi ketulo. Iwo akuti imeneyo inali pulayimale, pano uli ndi digiri.

Utiuze ngati zitheka. Ukalandira utumizenso kangachepe ka simenti. Mwezi uno mvula ikuwoletsa usipa pa thandala, malonda sakuyenda.

Ndine mlongo wako,
Agnes

*

Johannesburg
16 Malichi 2025

Achemwali,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ine ndili bwino. Muwapatse moni mayi, ndipo za mawondozo musawalole kukatunga okha madzi. Ya simenti nditumiza kumapeto kwa mwezi.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo ndisanayankhe. Za ketulo zija simunaname, ndipo sizinasinthe. Mpaka lero pensulo ikalowa m'dzanja langa imachita zake. Ntchito imene ndimagwira kuno si kujambula monga mayi akuganizira. Mkati mwa sabata ndimamanga nyumba za pa kompyuta. Anthu a mapulani amandipatsa miyeso, ine n'kuimika makoma ndi mazenera kuti wogula aione nyumbayo isanamangidwe. Pamenepo safuna waluso, amafuna woleza mtima. Loweruka ndiye ndimapita kukalasi kukaphunzira kuumba anthu. Ndikuti kuumba chifukwa ndi mmene zimakhalira. Pa sikirini pamabwera chibulumwa ngati cha dongo, iwe n'kumachikanikiza apa, kuchikoka apo, mpaka patuluke mphuno ndi masaya.

Tsiku loyamba anzanga onse anabwera ndi mabuku odzaza zithunzi za pensulo. Ine ndinabwera ndi manja okha. Ndinafunsa mphunzitsi wathu, mayi Naima, ngati munthu wosadziwa kujambula angaphunzire zimenezi. Anandiyankha kuti kompyuta sindifunsa zimenezo pakhomo polowera, koma idzandifunsa mtsogolo. Sindinamvetse, ndipo ndinachita manyazi kufunsanso. Patha chaka tsopano ndili m'kalasimo, ndipo nthawi zina ndimaona ngati ndinalowa mozemba.

Koma chimene chikundiopsa kwambiri si dzanja ayi. Ndikatseka maso kuti ndiwaone bambo, mawu awo ndikuwamva, ndi fungo la utsi wa nsomba pa jekete lawo lomwe, koma nkhope sikukhazikika. Ndinachoka pakhomo ndili wamng'ono kupita kusekondale yogonera komweko, kenako kuyunivesite, kenako kuno. Masiku a maliro sindinathe kuyang'ana m'bokosi nthawi yaitali.

Komabe musawauze mayi kuti ndakana. Ndiyesa. Mundijambulire chitupacho pafupi kwambiri, padzuwa. Ndiponso ngati pali wachibale wofanana nawo, mundijambulire kutsogolo ndi m'mbali zonse ziwiri, ndione mmene mafupa a kumaso a mtundu wathu anakhalira. Ndingotengako maziko, zina ndidzadzazira ndekha malinga ndi zimene inu ndi mayi mundiuze.

Wanu,
Pemphero

*

Maganga
6 Epulo 2025

Pemphero,

Moni. Ya simenti yafika, zikomo. Tagula matumba, ali kuchipinda kwa mayi kuti chinyezi chisawapeze.

Zithunzi ndi izi. Wofanana ndi bambo alipo m'modzi yekha, ndipo ukumudziwa. Lamulungu nditaweruka kutchalitchi ndinakwera kabaza mpaka patauni, n'kupeza galimoto ya ku Chitala. Bambo aang'ono ndinawauza kuti wawasowa, ukufuna kuwaona mmene akukalambira. Usandifunse chifukwa chake. Munthu wamoyo ungamuuze kuti taimani bwino ndikujambuleni za pa chiliza? Pakamwa panga sipakanatuluka zimenezo.

Anasangalala kwambiri. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jekete la kumpingo ndi tayi, mayi aang'ono a Triza akuwapesa kumutu ngati akupita kukalandira mphoto. Nditawauza kuti atembenukire kumbali anati, "Mwana ameneyu akufuna andigulire chipewa kapena?" Anakupatsa moni wambiri, ndi mtedza umene ndadya ine m'malo mwako.

Mayi akuti ndikuuze izi. Mphuno ndi yomweyo ya a Martin. Maso a bambo anali aang'ono chifukwa cha kutsinzinira dzuwa la pamadzi. Pamwamba pa diso lakumanzere panali chipsera cha nkhafi, anachipeza ali mnyamata. Ndevu sankasunga. Ndinawafunsa za masaya ndi chibwano, anangoti, "Anali ngati mmene analili."

Chilumba cha Mbenji achitsegulira asodzi mwezi uno. Anzawo a bambo akonza kale injini ndi maukonde. Anadzatsanzika pakhomo, mayi anawayankhira m'nyumba.

Agnes

*

Johannesburg
18 Meyi 2025

Achemwali,

Moni nonse. Pepani ndachedwa. Loweruka ndi Lamulungu lililonse ndakhala pa ntchito imeneyi, ndipo ndikuitumiza ndisanakhutire nayo, chifukwa ndikapitiriza kuigwira ndiiwononga.

Kwa ine akuoneka ngati bambo. Koma ndayang'ana nkhope imeneyi nthawi yaitali moti sindikudziwanso ngati ndikuwakumbukira bambo kapena ndikukumbukira chimene ndaumba. Maso ndachepetsa, chipsera ndaika. Ndachita kuti chithunzi chikhale choyera pa mdima monga chidzaonekere pamwala, ndipo pansi pake ndalemba dzina ndi zaka, kuti muone mmene zonse zidzakhalire pamodzi.

Muyambe mwaona inu ndi mayi, mundiuze chimene chalakwika. Musaope kundikhumudwitsa.

Pemphero

*

Chitala
8 Juni 2025

Mwana wanga Pemphero,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira uli bwino kumene uliko. Ine ndayamba kupezako bwino, malungo anandigwira koma ndinamwa mankhwala. Kalatayi ndalemba ndi dzanja langa, ndapempha wa m'sitolo pamsika pano kuti akutumizire pa foni yake. Sindinafune kuti idutse kwa Agnes.

Loweruka lomaliza la Meyi abale tinakumana pano kuti tikambirane za chiliza cha achimwene anga, bambo ako. Panali azakhali ako, amalume athu, ndi ena a mbumba. Agnes anabwera ndi pepala lalikulu limene anasindikiza patauni, analitulutsa monyadira. Linayamba kuyenda m'manja. Ndinaona kuti aliyense akalilandira akuyang'ana pepalalo, n'kuyang'ana ine, n'kulipereka kwa mnzake. Litafika kwa mayi ako aang'ono anati, "Uyu ndi mwamuna wanga." Ine linandifika pomaliza. Ndinadziona ndekha pamwala wakuda, pansi pa chibwano changa palembedwa kuti anamwalira pa 21 Julaye 2024. Chipsera chimene unandiika pamwamba pa diso sichinandibise.

Ukudziwa kuti ndine mkulu wa mpingo ndipo za malodza sindiyendera. Koma anthu pano si onse a mpingo, ndipo a mpingo omwewo ali ndi makutu. Malungo anandigwira sabata yotsatira. Pamsika akuti ana a kunyanja andiika m'manda ndili moyo, akuti ku Joni mumaphunzirako zambiri. Wina anandifunsa ngati munda wa achimwene tinagawana bwino. Mayi ako aang'ono sakugona bwino, ndikatsokomola amadzuka.

Zimenezo ndikhoza kupirira, zidzatha. Chimene chandipweteka ndi china. Agnes anandiuza kuti wandisowa. Ndinavala tayi. Ndinauza anzanga kutchalitchi kuti mwana wa achimwene, ngakhale ali kutali, amandikumbukira. Mukanandiuza zoona mwina ndikanakana, mwinanso ndikanavomera, koma ndikanadziwa chimene ndikuimirira.

Abale agwirizana izi. Pamanda athu sipaikidwa nkhope. Ngati mukufunabe kumanga, mulembe dzina lokha monga timachitira kale. Ena akuti chaka chino chidutse kaye. Ine sindinatseke pakhomo, ndinu ana anga. Koma ndati umve kwa ine mwini.

Bambo ako aang'ono,
Martin Chauma

*

Maganga
13 Julaye 2025

Pemphero,

Uli moyo? Mwezi wathunthu ndikuimba sukuyankha, ndikulemba ukungowerenga. Ngati wakwiya ndi ine nena. Ngati ukuona kuti ife akumudzi sitidziwa kuyamikira zinthu za pa kompyuta, nenanso, tizidziwa. Ine ndi amene ndikuyenda m'misewu ya kuno, iwe uli phee ku Joni.

Ndikudziwa unati tiyambe taona ine ndi mayi. Tinaona. Pafoni nkhope imakhala yaing'ono, ndipo ine ndinangoona chipsera ndi dzina misozi n'kuyamba. Mayi anayang'ana n'kundibwezera foni osanena kanthu, ine ndinayesa avomera. Zitachitika za ku Chitala ndinawafunsa. Akuti anaona pomwepo kuti ndi alamu awo, koma anati mwana wanga wavutika nazo, ndingamuchititse manyazi bwanji, mwina pamwala zidzasintha. Ndiye ona mmene ulemu watifikitsira.

Ndinapita kukapepesa ndi nkhuku. Bambo aang'ono anailandira, anandifunsa za mayi, anandiperekeza mpaka pamsewu. Mayi aang'ono sanatuluke m'nyumba.

Ndikuuzenso kuti ndinayesa njira ina, usakhumudwe. Ukumukumbukira Masautso, amene amalemba mayina pa maboti ndi kujambula mitu pa makoma a ometa tsitsi? Iye ankawadziwa bwino bambo, ankawaona pagombe tsiku ndi tsiku. Ndinamupempha. Anatenga pensulo, ine ndisanamalize kudya chinangwa anali atamaliza. Dzanja ali nalo mnyamata uja, mizere yake ngati madzi. Koma munthu amene anatuluka ndi yemwe uja ali pa khoma la wometa aliyense kuyambira pano mpaka patauni, wa chibwano chachikulu, wosekerera. Anangomuonjezera imvi. Nditawaonetsa mayi anafunsa kuti ameneyu ndi woimba wa kuti.

Ndiye wodziwa pensulo walephera, wodziwa kompyuta walephera. Mayi asiya kutchula za mwala. Akasesa kuchipinda amazungulira matumba a simenti aja osawayang'ana. Sabata yamawa chaka chikwana. Ukanawaimbira tsiku limenelo, ngakhale usalankhule za chithunzi.

Agnes

*

Johannesburg
3 Ogasiti 2025

Achemwali,

Moni, ndipo pepani. Sindinakwiye ndi inu kapena ndi wina aliyense. Kalata ya bambo aang'ono itafika sindinadziwe chonena, ndipo tsiku lililonse limene ndinakhala chete linachititsa kuti lotsatira likhale lovuta kuposa. Zikomo pondikumbutsa za tsiku lija. Mayi ndinalankhula nawo za mawondo ndi za mphepo ya mwera. Za chithunzi sitinakhudze tonse awiri. Bambo aang'ono ndawalembera padera kupepesa. Sanayankhe, ndipo sindikuwadandaula.

Zonse ndinawafotokozera mayi Naima. Anaika chithunzi cha bambo aang'ono mbali imodzi ya sikirini, mutu umene ndinaumba mbali inayo. Anati ntchito ndinaigwira bwino, ndipo vuto ndi lomwelo. Chilichonse chimene chinali pachithunzi ndinachitsatira mokhulupirika, chifukwa ndinalibe china choti ndichikhulupirire. Ndinawafunsa mwachindunji ngati ndikanakhoza ndikanakhala wodziwa kujambula. Anati sakudziwa. Akuti pensulo payokha ilibe mankhwala. Chimene anzanga aja ali nacho ndi zaka zambiri zokhala pansi n'kumayang'ana nkhope za anthu mpaka kuona pamene mkulu amasiyanirana ndi mng'ono wake. Akuti diso limenelo munthu angalipezenso ndi dongo kapena ndi kompyuta yomweyi, koma pensulo ndi njira yachidule komanso yotchipa, ndipo njira iliyonse imene ndingasankhe singandifikitse pofika Okutobala.

Ndinagula kabuku ndi pensulo. Lamulungu ndimakhala pamalo okwerera minibasi n'kumajambula anthu amene akudikira. Zimene zikutuluka simungafune kuziona. Koma ndayamba kuona kuti makutu a anthu sakhala pamalo amodzi, ndiponso kuti pakamwa pa munthu wotopa pamagwa mbali imodzi. Ndili ndi zaka makumi atatu, ndipo ndikuyamba kumene kuyang'ana anthu. Amene ndimafuna kuwayang'ana kulibe.

Mutu uja ndaubwerera. Ndachotsa zonse zimene ndinatenga kwa bambo aang'ono. Chatsala si a Martin, koma si bambonso. Ndi munthu amene sanabadwe. Ndayesa kukweza masaya, kutsitsa, kukulitsa chibwano, kuchepetsa, ndipo nkhope iliyonse imandiyang'ana ngati mlendo.

Ndikutumiza kavidiyo. Ndi mmene timaperekera ntchito kukalasi, mutu umazungulira pang'onopang'ono kuti mphunzitsi aone mbali zonse. Muwaonetse mayi, osati kuti asankhe kanthu, koma aone kuti sindinangokhala. Kenako muwauze m'malo mwanga kuti ndalephera. Tilembe dzina lokha monga abale anenera, chaka chino chisadutse.

Pemphero

*

Maganga
10 Ogasiti 2025

Pemphero mlongo wanga,

Moni. Khala pansi uwerenge bwino.

Kavidiyo kako ndinakatsegula Lachinayi masana, titakhala pakhonde tikusankha usipa wouma. Ndinayamba ndawauza mayi mawu ako onse, kuti walephera ndiponso kuti tilembe dzina lokha. Anangogwedeza mutu. Ndinawagwirira foni pafupi. Nkhope inadutsa. Mbali inadutsa, khutu linadutsa. Mutu utatembenuka kuti tsopano tikuona kumbuyo, anandigwira pamkono.

"Imitsa pamenepo."

Ndinaimitsa. Anapukuta manja pachitenje, anatenga foni okha, chinthu chimene sachita. Anayang'ana mpaka sikirini inazima, ndinawayatsiranso. Kenako anati, "Awa ndi bambo ako."

Pemphero, ndi iwo. Nanenso ndinawaona. Khosi lija la mitsempha iwiri yokhala ndi kadzenje pakati. Khutu lakumanzere lotuluka kuposa linzake. Phewa lakumanja lotsika chifukwa cha kukoka chilimira. Ndi mmene ankapendeketsera mutu ngati akumvetsera mphepo. Ndinalira kuposa tsiku la maliro, anthu odutsa anayesa kwagwa zina. Unazitenga kuti zimenezi? Bambo aang'ono sindinawajambule kumbuyo, ndiponso khosi lawo ndi lonenepa.

Tsopano vuto ndi ili. Mayi akuti pamwala paikidwe chimenechi. Ndawauza kuti palibe manda amene ndinaonapo munthu atatembenukira kumbuyo, ndipo anthu adzati malemu akutifulatira, achoka ndi mkwiyo. Ndawakumbutsa kuti abale anakana kale. Iwo akuti abale anakana nkhope, apa palibe nkhope. Akuti apita okha ku Chitala ndi mawondo awo omwewo, ine ndingonyamula foni. Chikhalireni sindinawaonepo akupita kwa apongozi kukatsutsa chimene chagamulidwa.

Ine sindikudziwa ngati n'zoyenera. Utiuze maganizo ako, ndipo ngati ukuvomera utumize chithunzi cha pamene ndinaimitsapo, chachikulu bwino.

Agnes

*

Johannesburg
17 Ogasiti 2025

Mayi,

Ndikukupatsani moni. Achemwali akuwerengerani.

Afunsa kumene ndinatenga khosi la bambo. Ndinayenera kuganiza kaye, chifukwa mbali imeneyo sindinavutike nayo. Mutu wa pa kompyuta sungausiye wopanda kumbuyo, ndiye ndinangoumba masana amodzi kuti ndithane nazo ndibwerere kunkhope. Sindinayang'ane chithunzi chilichonse. Sindinaganize n'komwe kuti ndikuumba bambo.

Mukukumbukira kuti pulayimale yonse ankanditenga panjinga, poti sukulu inali njira yomweyo ya kugombe. Ndinkakhala pakaliyala nditagwira chishalo. Sitinkalankhula zambiri. Kutsogolo sindinkaona msewu, ndinkaona khosi lawo, thukuta likutsika m'kadzenje kaja, khutu likuwala dzuwa likalowa kuseri kwake. Zikuoneka kuti ndi malo okhawo pathupi pawo amene ndinawayang'ana mokwanira.

Chithunzi ndatumiza. Koma mayi, ndili ndi mantha. Ndakulowetsani kale m'mavuto kamodzi. Mwala ukalembedwa sufufutika, ndipo anthu adzalankhula zaka zambiri, inu muli pafupi ine ndili kutali. Ngati ku Chitala akana, musalimbane nawo chifukwa cha ine. Musankhe ndinu. Tchuthi chandikanika, koma tsikulo ndidzakhala pafoni.

Mwana wanu,
Pemphero

*

Maganga
19 Okutobala 2025

Mwana wanga,

Ndine mayi ako, akulemba ndi Agnes. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asaonjezere nthabwala zake. Moni. Mawondo ali chimodzimodzi. Dzulo foni inkaduladula kumanda kuja, ndiye ndati ndikuuze bwinobwino mmene zinayendera.

Za ulendo wanga wa ku Chitala unamva pang'ono. Alamu anga anayang'ana chithunzi, anadzigwira pakhosi, anati ili si khosi langa. Amene anayang'ana nthawi yaitali ndi a Triza. Atakhutira anapita kukatiphikira tiyi. Azakhali ako anati n'zachipongwe, munthu wamkulu saikidwa chofulatira. Alamu anati, mkazi wa malemu ndi uyu, amene anakhala nawo ndi uyu, msiyeni. Azakhali ako sanavomere mpaka lero, koma dzulo anabwera ndipo anaphika nawo.

A ku Lilongwe olemba mwala anaimba kawiri, amayesa tatumiza chithunzi cholakwika.

Dzulo anthu anadza ambiri, ena chifukwa cha bambo ako, ena chifukwa anamva. Abusa atapemphera, alamu ndi amene anachotsa nsalu. Kumbuyo wina anaseka, mnzake anamuletsa. Ndinamva mayi wina akuti ana a masiku ano sukulu yawazunguza mitu. Anzawo a bambo ako a pa chilimira anabwera atatu kuchokera ku Mbenji. Iwo anangovula zipewa n'kuyandikira.

Usadandaule kuti nkhope inakukanika. Ine amene ndinakhala nawo zaka zonsezi, Agnes atandifunsa za masaya sindinathe kumuyankha. Ife tinaleredwa kuti mwamuna sumuyang'anitsitsa kumaso. Koma m'mawa uliwonse akamapita kunyanja ndinkaima pakhomo mpaka akhote pa mtengo wa mango.

Anthu atapita kukadya ndinatsala pang'ono. Ndinaima pamenepo monga ndinkaimira. Ndinawauza bambo ako kuti ana ali bwino, kuti nyanja yabwerera m'malo mwake, ndi kuti mwala uwu wapanga ndi Pemphero. Sanatembenuke. Ali moyo sankatembenukanso. Akati ndapita, ndiye kuti apita.

Uzidya mokwanira. Ukadzabwera udzandijambule ine ndi pensulo yakoyo, ndikadalipo. Ndidzakhala phee, ndipo udzandiyang'ane mmene ungafunire.

Mayi ako